Thumba la Ulusi Wofiira

Barnaby Loades ankadziwika ndi zinthu ziwiri m'mudzi mwathu muja, pafupi ndi tauni ya Diss, m'dera la Norfolk: mawu okoma oimbira, ndi mkazi womuposa nzeru. Za mawuzo ankazidziwa yekha, ndipo ankayenda nazo monyada. Za mkaziyo ankazidziwa ena onse.

Mkaziyo anali Dorcas, ndipo atsekwe a pakhomopo anali ake. Ndikuti ake chifukwa ndiye ankawavutikira. Nyengo yofungatira ikafika, madengu a mazira ankakhala pansi pa bedi lawo lenilenilo, atsekwe aakazi ali khale m'menemo, kuti nkhandwe ndi chisanu zisawapeze. Nyumba yonse inkanunkha. Manja a Dorcas anali ong'aluka ndi madzi ozizira, mikono ili zipserazipsera ndi kujomphedwa pothothola nthenga. Ntchito ya Barnaby inkabwera kamodzi pachaka: anthu akamaliza kukolola tirigu, ankatenga gulu lonselo n'kuliyendetsa wapansi mpaka ku London.

Zaka zonse ankapita ndi mlamu wake, mchimwene wa Dorcas, munthu wosaseka amene ankasunga chikwama. Chaka chimenechi mlamuyo anathyoka mwendo, ndiye Barnaby anayenera kupita yekha. Ndalama zake zinali ndi ntchito kale asanazione: lendi ya mwini malo, ndi ng'ombe ya mkaka imene Dorcas anakhala akuilota chikwatiwire.

Kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke, anadutsitsa atsekwe m'phula lofunda kenako mumchenga, kuti mapazi avale nsapato zopirira msewu. Atamaliza, Dorcas anasamba m'manja, natenga jekete la mwamuna wake, nakhala pakhomo ndi singano. Ulusi wakuda unali utatha. Anatulutsa wofiira umene ankasungira chipewa chake cha ku tchalitchi, nasoka kathumba mkati mwa jeketelo, kukhwapa kwa kumanzere.

"Mukalandira, muike umu," anatero Dorcas akuluma ulusi. "Mbala za ku London zimadula zikwama za m'chiuno. Koma kukhwapa kwa munthu amene wayenda ndi atsekwe mwezi wathunthu, ndani angaikeko mphuno?"

"Iwe mkazi, pakamwa pakopo!" anaseka Barnaby.

"Ndikunena zoona, amuna anga. Odziwa thumba ili tilipo atatu: ine, inu, ndi Mulungu. Wachinayi asapezeke."

"Ungandiyese mwana?"

"Ayi. Mwana akanandimvera. Mubwere ndi ng'ombe yanga, ndipo mukaona nyimbo yatsopano mundigulire."

Pajatu Dorcas nyimbo ankazikonda ngati uchi. Khoma la pamwamba pa moto linali lodzaza ndi mapepala a nyimbo za kobiri limodzi, zija amagulitsa oimba a pamsika: ya mkazi amene anapha mwamuna wake ndi chiphe, ya chinsomba chimene chinatuluka m'nyanja, ya wakuba amene analapa ali pa chingwe. Kuwerenga sankadziwa. Ankagula poona chithunzi ndi pomva chuni, n'kumata pakhoma ndi phala la ufa wa tirigu, kenako n'kudikira Barnaby, amene anaphunzirako zilembo ali mwana, kuti amuimbire. Ukwati wawo unkakomera pamenepo. Mwamuna ataima pakhoma chala chili pa pepala, mkazi akusenda anyezi n'kumavomereza, anthu odutsa ankaima panja kumvetsera.

Ulendo unayenda bwino, bwino kwambiri moti ndi pamene anayenera kuchenjera. Atsekwe anafika onenepa, atatola tirigu wotsalira m'minda ya m'njira, ndipo pamsika wa nkhuku ku London anagulidwa onse dzuwa lisanafike pamutu. Barnaby anali asanagwirepo ndalama zochuluka choncho m'manja mwake. Anakabisala kuseri kwa ngolo, naziika m'kathumba kaja, ndipo kukhwapa kunalemera mokoma. Akanatembenuka pomwepo n'kuyamba ulendo wa kwawo, nkhani ino bwenzi palibe. Koma anati ayambe wanyowetsa kukhosi, chikho chimodzi chokha, poti munthu wameza fumbi mwezi wathunthu.

Chikho chimodzi chija anakamwera ku Turnbull Street, ndipo asatiuze kuti anasochera. Msewu wa mahule umenewo mwamuna aliyense woyendetsa ziweto amadziwa mbiri yake asanauone. M'nyumba ya chikwangwani cha nkhanu anapezamo mtsikana wa diresi lachikasu, dzina lake Cicely, amene anamuyang'ana ngati waona mwana wa mfumu.

"Bwana, inu si a kuno," anatero Cicely. "Amuna a kuno alibe mapewa otere. Muli ndi minda ingati kwanuko?"

Chibadwire, Barnaby anali asanatchulidwepo bwana. Anayankha kuti minda ilipo ingapo.

Tisamunamizire Cicely kuba. Sanabe kanthu. Anali pa ntchito yake, ndipo ntchitoyo ankaidziwa monga Dorcas ankadziwira atsekwe. Barnaby ndiye anaitanitsa vinyo mowa uli pomwepo. Ndiye anaitanitsa nkhuku yootcha, kenako ina. Ndiye anaitana woliza zeze kuti iye aimbe anthu amve mawu a ku Norfolk, ndipo atamuombera m'manja anagulira nyumba yonse. Panabwera msuweni wa Cicely wofuna nsapato, panabwera azakhali ake odwala chifuwa, panabwera mayi mwini nyumba ndi mtengo wa chipinda cha pamwamba. Nthawi zonse dzanja lamanja linkalowa kukhwapa kwa kumanzere, mpaka Cicely anafunsa moseka ngati bwanayo ali ndi nsabwe. Pamenepo Barnaby anavula jekete, nalitembenuza pa tebulo pamaso pa onse, naonetsa kathumba ka ulusi wofiira. Anafuna kuti onsewo aseke, ndipo kuti aseke kwambiri ananena mawu ena okhudza amene anasoka. Anasekadi.

Masiku angapo anapita choncho. M'mawa wina dzanja linalowa kukhwapa n'kutuluka lokha. Mayi mwini nyumba, amene dzulo lake ankamutcha mwana wanga, anamuonetsa khomo, ndipo Cicely anali pawindo akufunsa mwamuna wina wa fumbi m'miyendo kuti ali ndi minda ingati.

Manyazi a munthu wanjala ndi oipa, chifukwa mimba siilola kuti ukhale pansi uwamve bwinobwino. Barnaby anagulitsa chipewa, anagulitsa ndodo yake yoyendetsera atsekwe, ndipo tsiku lina masana anapezeka m'kanyumba ka mowa pafupi ndi msika wa ziweto wa Smithfield, atagwira chikho chopanda kanthu kuti asamuthamangitse pamoto. Moyang'anana naye panakhala bambo wina woonda, wa inki m'zala ndi m'milomo momwe. Anali Ambrose Pinnock, wopeka nyimbo za mumsewu, amene ankadya tsoka la anthu ena monga khwangwala adyera za m'dzala.

"Achimwene, nkhope imeneyo ndikuidziwa," anatero Pinnock. "Ng'ombe, nkhosa, kapena tchizi?"

"Atsekwe."

"Atsekwe! Ambuye ndi abwino. Wa ng'ombe ndinamuimba kale kawiri, anthu atopa naye. Turnbull Street?"

Barnaby anangowerama.

"Musachite manyazi, inu si oyamba. Tamverani. Mundiuze zonse mmene zinayendera, ine ndikupatsani shileni ndi mbale ya nyama. Dzina lanu sindikulifuna. M'nyimbo zanga zitsiru zonse ndi a Jack."

"Ndiye anthu akamve?"

"Anthu ake ati? A kuno? Akudziwani ndani kuno? Mawa aimba za inu, mkuja aimba za mwana wobadwa ndi mitu iwiri. Nyimbo ya kobiri ndi ya kobiri basi."

Fungo la nyama linamaliza nkhaniyo. Barnaby anafotokoza, Pinnock akulemba pa bondo. Ananena za vinyo, za zeze, za azakhali a chifuwa. Pinnock ankangogwedeza mutu mosakhutira.

"Zonsezi ndili nazo kale, achimwene. Izi ndi za gawo loyamba, lija woimba amaimba ulere kuti anthu aunjikane. Koma akafika pakati amatseka pakamwa n'kuti, wofuna kumva mathero agule pepala. Ndiye gawo lachiwiri limafuna kanthu koti munthu atulutsire kobiri lake. Ndalamazo munkasunga pati?"

Barnaby anazengereza, kenako anatsegula jekete.

"Ha! Ulusi wofiira! Anasoka ndi akazi anu? Ndiye munawaonetsa mahule aja? Munati chiyani poonetsapo? Musandibisire, munthu woledzera saonetsa chinthu ali chete."

Apa ndi pamene ine ndimamukwiyira Barnaby. Za ku Turnbull Street tingati unali mowa. Koma pa tebulo la Pinnock anali wosaledzera, maso ali gwa, ndipo anabwereza mawu aja limodzilimodzi kuti wolembayo asaphonye. Pinnock anaseka mpaka kutsokomola, naponya shileni pa tebulo. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Barnaby anadya nyama yake, nadziuza kuti London ndi kutali.

Sanapite kwawo msanga. Ankaopa nkhope ya Dorcas. Anakhala kudoko akusenza matumba a malasha, akuti apezeko kangachepe kokaonetsa, koma zimene ankapeza masana zinkathera buledi ndi pogona. Masamba anayoyoka, chisanu chinayamba kuluma, ndipo pamapeto pake ananyamuka chimanjamanja monga akananyamukira poyamba paja. Chimene sanaganize n'chakuti pepala silidikira kuti manyazi athe. Limasindikizidwa tsiku limodzi, n'kulowa m'mitolo ya amalonda oyendayenda, n'kukwera ngolo pamene mwini nkhani akuyenda wapansi.

M'njira monse ankakonza bodza lake. Achifwamba, pa chipululu cha ku Newmarket, anthu a pa akavalo ovala nsalu kumaso. Anamugwetsa, anamuvula, anapeza thumba. Anadwala, anagona m'khola la munthu wina wachifundo, n'chifukwa chake wachedwa. Analibwereza mpaka linayamba kumumvetsa chisoni iye mwini. Atatsala pang'ono kufika, anaona kuti munthu womenyedwa ndi achifwamba sangafike nkhope ili see. Anakhala m'mbali mwa ngalande, natola mwala, nadzigogoda nawo pachipumi. Koyamba anachita mantha, mwala unangomupsompsona. Kachiwiri magazi anatuluka. Anakhala pamenepo bambo wamkulu ndevu zili pepeya, mwala uli m'manja, akulira, ndipo sankalira chifukwa cha bala.

Anafika pakhomo dzuwa litapendeka. Dorcas anali panja akuwaza nkhuni, ntchito ya Barnaby. Anaika nkhwangwa pansi, namuyang'ana kuyambira kumutu kopanda chipewa mpaka ku nsapato zong'ambika.

"Mwafika, amuna anga."

"Ndafika, Dorcas. Koma ndakumana nazo."

"Lowani, kunja kukuzizira."

Anamukhazika pa mpando, natenthetsa madzi, nayamba kutsuka bala lija. Barnaby anayamba nkhani ya achifwamba. Inatuluka bwino, yosalala, akavalo ndi nsalu zakumaso zonse zili m'malo mwake. Dorcas sanamudule. Anangofunsa kamodzi.

"Bala ili ndi la masabata angati?"

"Linapola, ndiye ndagwa panjira lero, latsegukanso."

"Pepani. Ndiye thumba lija analipeza okha?"

"Okha. Anthu aja ndi afiti, Dorcas. Amadziwa paliponse."

"Inde. Anthu amadziwa zambiri masiku ano."

Anamupatsa msuzi wa nandolo wopanda nyama ndi chibenthu cha buledi wa balere. Ananena kuti mwini malo anabwera kawiri, ndipo anatenga nkhumba. Za ng'ombe sanatchule. Barnaby anadya mtima ukutsika pang'onopang'ono. Zinali zitatheka. Mkazi wake wakhulupirira, ndipo chotsala n'kugwira ntchito molimbika, kukhala mwamuna wabwino, mpaka nkhaniyi idzakwiririke yokha. Anapukuta mbale ndi buledi, nakweza maso kuyang'ana khoma lake la nyimbo monga munthu wobwerera kwawo amachitira.

Pakati penipeni panali pepala latsopano, loyera kuposa anzake odetsedwa ndi utsi. Pamwamba pake panali zilembo zikuluzikulu: Kulira kwa Jack wa Atsekwe.

Anasiya kutafuna.

"Mwaiona?" anatero Dorcas ali chotembenuka, akutsuka mphika. "Ndinagula ku Diss pa tsiku la msika. Yafika kumene, aliyense akuimba. Mai Gedge, a m'mudzi muno aja, akuti amuna awo aimba mpaka ku khola la nkhumba. Ndinati poti inu mwachedwa ndi yanga ija, ndidzigulire ndekha."

Barnaby anaimirira, nayandikira. Chithunzi chinamulimbitsa mtima pang'ono. Osindikiza sasema thabwa latsopano chifukwa cha chitsiru chilichonse. Anangotenga lakale, la bwana wa chipewa cha nthenga ndi lupanga m'chiuno, lomwe lija linali pa nyimbo ya wakuba wolapa, pepala lachitatu kumanzere kwake. Panalibe tsekwe ngakhale mmodzi. Dzina linali Jack. Oyendetsa atsekwe ku Norfolk ndi ambiri ngati atsekwe omwewo. Ndipo Dorcas sawerenga.

"Woimba uja anaimba gawo loyamba lokha, monga amachitira akuba amenewa," anapitiriza Dorcas. "Tandiimbireni, amuna anga. Khomali lakhala chete nthawi yaitali."

"Ndatopa, Dorcas. Mutu ukuwawa."

"Nyimbo imodzi yokha. Ng'ombe palibe, nkhumba palibe. Nyimbo yokha mungandimane?"

Dorcas anakhala pa mpando wake, natenga jekete la Barnaby limene linali pa msomali, naliika pamiyendo ngati akufuna kuona pong'ambika. Barnaby anaika chala pa pepala. Chuni chinali chakale, chodziwika kwa aliyense, chija amavinira pa ukwati. Anayamba motsitsa.

Tamverani anyamata a kumudzi,
za Jack wa atsekwe, mwana wa ku Norfolk.
Analowa mu London thumba lili tho,
anatuluka atagwira mimba.

Mawu ake anali okoma ngati kale, ndipo zimenezo zinamunyansa. Anaimba za vinyo, za woliza zeze, za msuweni wa nsapato ndi azakhali a chifuwa. Pinnock anali katswiri, nyimboyo inali yoseketsa ndithu. Dorcas ankavomereza pobwereza paja, mutu uli pa jekete. Gawo loyamba linatha. Chala cha Barnaby chinawoloka mzere wakuda kupita ku gawo lachiwiri, maso anathamanga patsogolo pa pakamwa, ndipo anaona zonse zili pomwepo: khwapa, ulusi, ndi mawu ake aja, osasintha ngakhale limodzi.

Anatsokomola. Kenako anachita chimene munthu wodziwa zilembo amaganiza kuti angachite pamaso pa wosadziwa. Chala chinapitiriza kuyenda pa mizere, koma pakamwa panatuluka zina, zopeka pomwepo.

Jack anagwada, analira, analapa,
anabwerera kwawo mutu uli pansi.
Mkazi wake anati, lowani bambo,
madzi akatayika saoleka.

Anawonjezera ndime ina, ya chaka chotsatira, atsekwe ataswana, Jack atagula ng'ombe ya mawanga. Mawu ena sanakwane bwino pa chuni, anawakoka. Atamaliza anachotsa chala pa pepala. Thukuta linkalowa m'bala lija n'kumalasa.

"Yabwino," anatero Dorcas. "Ya ng'ombe ya mawangayo yandikomera. Koma si imene ndinagula."

"Ndi mmene alembera, Dorcas."

"Barnaby."

Dorcas anali asanamutchulepo dzina chilowereni m'nyumbamo. Anakweza mutu, ndipo maso ake anali ouma.

"Tsiku lija ku Diss ndinaseka, Barnaby. Tinaunjikana pa woimba uja, ine, Mai Gedge, ndi amayi onse a mazira. Atafika pa azakhali a chifuwa ndinaseka kuposa onse, mpaka ndinagwira Mai Gedge paphewa. Ndinati, mayo, mkazi wa chitsiru chimenechi ndi ndani, Mulungu amuthandize. Ndinagula kuti mukabwera tidzasekere limodzi. Koma mtima sunandilole kudikira, mukundidziwa ine ndi nyimbo. Msika utatha ndinamutsatira woimba uja kuseri kwa tchalitchi, ndinamupatsa mazira awiri, ndinati bambo, ndiimbireni mathero ndekha."

Ndipo Dorcas, amene pa zaka zonse za ukwati wawo ankangovomereza, anaimba yekha. Mawu ake anali aang'ono, osakoma, koma sanaphonye liwu.

Anavula jekete, nati taona dona,
thumba la kukhwapa, ulusi wofiira.
Anasoka ndi wanga wa kumudzi uja,
wonunkha atsekwe, manja ngati khungwa.
Iye azisoka, ife tizimwa.

Barnaby anafuna pansi patseguke. Anafuna achifwamba aja akanakhala enieni, akanamusiya ali gone pa chipululu.

"Ndinamuuza kuti abwereze," anatero Dorcas. "Anabwereza. Anandifunsa kuti mayi, bwanji simukuseka, apa ndiye pamene anthu amafa nacho chiseko."

"Dorcas, unali mowa. Sindinkadziwa chimene..."

"Kwa mahule kuja unali mowa, ndavomera. Nanga wolemba nyimboyu anali nanu m'chipindamo? Anamva kwa ndani?"

Dorcas sanadikire yankho.

"Anakupatsani zingati?"

"Shileni." Liwulo linatuluka ngati la mwana. "Ndi mbale ya nyama."

Dorcas anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva mtengo wa chinthu pamsika ndipo akuuganizira.

"Ndalama ndikanakhululuka. Ndakhala ndikuganiza masabata onsewa, ndili ndekha muno. Atsekwe amaswananso. Ngakhale za mtsikanayo, ndikanalira, ndikanakutukwanani, chaka chikanatha. Lero lomwe, mukanalowa pakhomopo n'kunena kuti Dorcas ndachimwa, kaya, mwina. Ndinakudikirani pa bala, ndinakudikirani pa msuzi. Ndakupatsani nyimbo kuti pepala likuthandizeni kunena, poti pakamwa panu palephera. Inu mwandiimbira ng'ombe ya mawanga."

Barnaby anagwada. Anatambasula dzanja kuti ang'ambe pepala lija pakhoma.

"Lisiyeni. Ndinamata ndi ufa wotsiriza wa tirigu m'nyumba muno, silichoka. Ndipo mukang'amba ili, mukang'ambanso la kwa a Gedge? La ku nyumba ya mowa? Mudzi wonse ukuimba, Barnaby. Musaope, sakudziwa kuti ndi inu. Thumba lija odziwa tinali atatu, ndipo ine sindinauze munthu. Inu muziyenda mutu uli m'mwamba, muziwauza za achifwamba. Dzulo pachitsime Mai Gedge amaimba, wonunkha atsekwe, manja ngati khungwa, akundithandiza kusenza mtsuko. Amati Dorcas, bwanji suvomereza, si iwe wokonda nyimbo? Ndinavomereza."

Pamenepo anayang'ana manja ake ali pa jekete, ong'aluka, akuda m'ming'alu ndi phula limene silinachoke chiyambire tsiku lija loveka atsekwe nsapato. Barnaby anawayang'ananso. Manyazi amene anamva ku London, ndi a m'mbali mwa ngalande muja, anali ana chabe poyerekeza ndi awa.

"Ndichite chiyani, Dorcas? Nena chilichonse."

"Imirirani. Ikani chala pa pepala. Ndinalipira kobiri langa kuti mwamuna wanga andiimbire nyimbo imeneyi, ndipo mundiimbira mmene alembera."

"Sindingathe."

"Munatha pamaso pa mahule. Munatha pamaso pa wa inki. Ine ndekha ndiye wosayenera kumva m'kamwa mwanu?"

Barnaby anaimirira. Anaika chala pa mzere woyamba wa gawo lachiwiri, ndipo zilembo zinkasambira m'misozi. Anayamba. Mawu aja okoma, amene anthu ankaimira panja kuti amve, anatuluka osweka, koma anatuluka. Anavula jekete, nati taona dona.

Dorcas sanavomereze. Anatembenuza jekete, napeza kukhwapa kwa kumanzere, natenga singano n'kuyamba kusomola ulusi wofiira uja, msoko umodziumodzi, mosamala kuti usaduke. Mwamuna wake akufika pa mawu a manja ngati khungwa, iye anali akuukulunga pa chala. Kathumba kanagwera pansi, kansalu chabe kopanda ntchito. Ulusiwo anakauika m'bokosi momwe munali chipewa chake cha ku tchalitchi, natseka.

"Pitirizani," anatero. "Yatsala ndime ina."